Chiguduli pa Kompyuta

Kompyuta inafika pa esiteti yathu ya fodya ku Njombwa m'chilimwe cha 1991. Inabwera itakhala kutsogolo kwa galimoto, yofunditsidwa bulangete ngati mwana wodwala, anthu ataunjikana kumbuyo akudya fumbi. Tsiku limenelo ngakhale a ku nazale anasiya makheni othirira mbande n'kudzasuzumira pawindo la ofesi.

Woilumikiza anali bambo wina wa ku Lilongwe, a Jeremiya, wamfupi, womanga tayi dzuwa likuswa mtengo. Anaika bokosi lachitsulo patebulo, galasi loonetsa zilembo pambali pake, makiyi otayipira kutsogolo. Atatha anapukuta m'manja n'kutembenukira kwa Elube, mlembi wa pa ofesi, amene kuyambira tsikulo ankayenera kusiya tayipi yake yakale n'kugwira makina atsopanowo.

"Mayi, makina awa ali ndi adani awiri," anatero a Jeremiya. "Fumbi ndi kutentha. Mukawateteza ku ziwirizi, mukalamba nawo."

Adani awiri! Anthu a m'tauni ndi otero. Amakuwerengera zimene akuziopa iwo, zinazo amayesa kuti unabadwa ukuzidziwa. Mdani wachitatu sanamutchule, ndipo Elube sanafunse.

Elube anali mwana wa pa esiteti pomwepa. Mayi ake anakalambira m'shedi yosankhira fodya, ndipo iyenso akanathera momwemo pakanapanda atsibweni ake, a Esau, mlongo wa mayi akewo. Ndiwo anamukweza panjinga kupita naye ku Boma kukaphunzira kutayipa, ndiwonso anakagwada kwa manijala, a Cosmas, kumupemphera mpando wa mu ofesi. Kwathu kuno mwana wa wosankha fodya amasankha fodya. Mpando umenewo Elube ankaugwira ndi manja awiri.

A Esau ankayang'anira jenereta, chiinjini chakale cha dizilo chimene chinkapereka magetsi ku ofesi, ku mpope wa madzi ndi kunyumba ya manijala. Nyumba yawo inali kuseri kwa shedi ya jeneretayo. Panali nkhani ina ya a Esau imene tonse tinkaidziwa koma osaitulutsa pakamwa: anali a mpingo uja woletsedwa, wokana kugula khadi la chipani. Masiku amenewo wopanda khadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi, ndipo a mpingo umenewo akagwidwa nyumba zawo zinkapsa, eni ake n'kusowa. A Esau ankapulumukira phokoso. Ogulitsa makhadi akafika pa esiteti ankathera kumakomboni ndi kumashedi. Ku jenereta kunali utsi, mafuta akuda ndi chiphokoso choti munthu sumva ngakhale dzina lako, choncho ankangodutsa. A Cosmas nawo ankayang'ana kumbali. Zaka zinapita choncho, chifukwa panalibe chimene chinachititsa kuti dzina la a Esau litchulidwe pagulu.

Okutobala atafika, ofesi yamalata ija inasanduka ng'anjo. M'mawa kompyuta inkagwira bwino, koma dzuwa likangofika pamutu inkauma gwa. Zilembo zinkaima pagalasi, Elube n'kumadina makiyi ngati akugogoda pakhomo la nyumba yopanda anthu. Zonse zimene walemba masanawo zinkatayika. A Cosmas ankabwera kudzaima kumbuyo kwake.

"Mwaigwiranso pati, mayi?"

"Sindinagwire pachilendo, bwana. Yangoima."

"Pa tayipi simunkati yangoima."

A Cosmas anaimba foni ku Lilongwe, foni yathu ija yochita kukuwa ngati ukuitana munthu kutsidya la dambo. A Jeremiya anati makinawo akutenthedwa, aziwazimitsa masana kuti apume. Kupuma! Mwini esiteti, bwana wamkulu wa ku tauni, sanagule makina oti azigona masana ngati mlonda. Mayina a matenanti onse a chaka chimenecho ankafunika kulowa mmenemo mvula isanagwe, ndipo a Cosmas anayamba kumanena mokhala ngati akuseka kuti mwina pafunika mtsikana wa ku tauni wozolowera zinthu zimenezi. Elube sankaseka nawo.

Apa ndi pamene nzeru za m'shedi zinamubwerera. Aliyense wokulira pa fodya amadziwa chochita chinthu chikauma ndi kutentha. Tsamba likayamba kufumbutuka m'manja, umanyika chiguduli m'madzi, n'kufinya, n'kufunditsa fodyayo, ndipo pakapita kanthawi tsamba lafewa, lazizira. Mtsuko wa madzi akumwa nawonso timaukulunga chiguduli chonyowa. Nanga bokosi lachitsulo likanakana bwanji?

Nthawi ya nkhomaliro anapita ku jenereta. Anapeza a Esau akutsuka zitsulo m'beseni la dizilo.

"Atsibweni, mundigawireko chiguduli chimodzi!" anakuwa kuti amveke.

"Cha chiyani?"

Akananena zoona pamenepo, nkhani ino bwenzi palibe. Koma anachita manyazi, mlembi wathunthu wa pa kompyuta kumakatapa nzeru kushedi ya fodya.

"Chopondapo pakhomo la ofesi. Fumbi lachuluka."

A Esau anamupatsa chiguduli chimene ankakhalira iwo akamapuma, chokhala ndi chigamba pakona chimene anasoka okha ndi ulusi wabuluu wa nayiloni. Atangolowa mkati kukaona injini, Elube anachinyika pampopi wa pambali pa shediyo, mpopi wokhawo wapafupi ndi ofesi, n'kuchifinya, n'kuthamanga nacho. Safunsa anadya phula.

Tsoka lake n'lakuti nzeruyo inagwira. Anayala chiguduli pamwamba pa bokosi lija, chitsulo chinazizira, ndipo masana amenewo kompyuta sinaime. Mawa lake chimodzimodzi. Chinthu cholakwika chikakukanika tsiku loyamba uzithokoza. Choopsa ndi chija chimayamba ndi kukukomera. Akamva mthuthuthu wa a Cosmas ukubwera, Elube ankachotsa chiguduli msanga n'kuchiponya pansi pa tebulo. Ntchito inayenda, mayina a matenanti analowa, ndipo a Cosmas anasiya kunena za mtsikana wa ku tauni.

"Mwayamba kuizolowera tsopano," anatero tsiku lina.

Elube anamwetulira. Madzulo amenewo anayenda kupita kunyumba ngati munthu amene wapambana a ku Lilongwe nzeru.

Lachiwiri lina kunatentha moti ngakhale nkhuku zinkayenda zitayasama. Chiguduli chinauma msanga, bokosi linayamba kufunda, ndipo Elube anali pakati pa ntchito. Kupita kumpopi anaona kutalika. Anatenga kapu yake ya madzi akumwa, anathira m'dzanja n'kuwaza pachiguduli chili pabokosi pomwepo, monga amachitira amayi m'shedi fodya akayamba kuuma. Anawaza kachiwiri, dzanja lodzaza. Madzi anatsetsereka chakumbuyo, kumene kuli timabowo topumira makina.

Phu! Kamoto kabuluu kanang'anima kuseri kwa bokosi, galasi linada, ndipo mu ofesi munadzaza fungo la labala wopsa.

Manja a Elube anaganiza msanga kuposa mutu wake. Anatsomphola chiguduli, anachiponya pawindo lakumbuyo m'udzu wouma wa m'mbali mwa kanjira ka ku jenereta, n'kupukuta bokosi ndi nsonga ya chitenje. Pamene a Cosmas ankalowa, atatsogozedwa ndi fungo, anamupeza ataima pakona, manja ali pakamwa.

"Chachitika n'chiyani?"

"Yangophulika yokha, bwana."

A Cosmas anazungulira tebulo, ananunkhiza, anagwira chingwe cha magetsi n'kuchisiya msanga ngati njoka. Kenaka anakakuwa pafoni paja. A Jeremiya anati asagwirepo wina aliyense, abwera sabata yamawa.

M'mawa mwake Elube anazungulira kuseri kwa ofesi kuti akatole chiguduli chija akachitaye kutali. Sanachipeze. Anadziuza kuti atola ana, kapena chakokedwa ndi mbuzi. Anatsitsa tayipi yake yakale pamwamba pa kabati, ndipo masiku otsatirawo ankalemba molakwitsalakwitsa, maso akuthawa bokosi lakufa lija. Chakudya sichinkalowa. Mayi ake anayamba kumuyang'ana pamimba.

A Jeremiya anabwera ndi kachikwama kachikopa. Anavula jekete, koma tayi anaisiya. Munthu ameneyu pa ntchito yake sankathamanga. Anayamba ndi pakhoma, analowetsa timawaya ta mita yake pamene pamatulukira magetsi, singano inayenda, anagwedeza mutu kuti apa pali bwino. Anayeza chingwe, chinali chamoyo. Anatsegula pulagi, anapeza fyuzi yapsa, anaikamo ina. Atangoyatsa, inapsanso pompo.

"Matenda ali m'kati," anatero.

Analumikiza galasi palokha, linayaka. Makiyi anati alibe mlandu. Ndiye anatembenuza bokosi, anamasula timabauti n'kumatiika m'chivundikiro cha botolo kuti tisatayike. Apo n'kuti a Cosmas ataitanidwa panja ndi kapitawo wa ku nazale, mu ofesi mutatsala anthu awiri.

Chivundikiro cha bokosi chitachoka, a Jeremiya anaunika ndi katochi pa kabokosi kena kakang'ono ka m'katimo, kamene anati ndi kolandirira magetsi. Anasendeza nkhope pafupi. M'mbali mwake munali mizere ya dzimbiri latsopano, yotsika pansi ngati ya pakhoma la nyumba yodontha. Anapisa chala pa fani, n'kutulutsa ulusi wa chiguduli. Anaununkhiza. Kenaka anayang'ana Elube pamwamba pa magalasi awo.

"Mayi, kuno mvula yayamba kale?"

Elube anayesa kuyankha, koma misozi ndiyo inatsogola.

"Munati isamatenthe," ananong'ona. "Ine ndimafuna izizizira."

A Jeremiya anatsala pang'ono kuseka, koma ataona nkhope yake anadzigwira. Anakhala pampando n'kukanda pamutu.

"Ndayenda m'maofesi ambiri. Ndapezamo mphemvu, ndapezamo mbewa ndi ana ake omwe, kwina anathiramo mafuta a makina osokera. Koma chiguduli ndayambira kuno." Anasuzumira pakhomo n'kutsitsa mawu. "Bwana wanu akamva kuti ndi madzi, ntchito yanu yathera pano, ndipo kampani yathu sisintha chinthu chimene chanyowetsedwa. Muli ndi ana?"

"Mmodzi. Ndimasamalanso mayi anga."

"Ndiye tichite chonchi. Ndinena kuti magetsi a jenereta anabwera ochuluka mwadzidzidzi. Zimachitika kawirikawiri m'maesiteti muno, palibe amadabwa. Jenereta sichotsedwa ntchito, mayi, ilibe ana oti idyetse. Koma chiguduli chimenecho ndisadzachionenso."

Anali munthu wabwino a Jeremiya, ndipo ankayesa kuti akusenzetsa mlandu chitsulo. Sankadziwa kuti kuseri kwa chitsulocho kuli munthu. Koma Elube ankadziwa. Tisamunamizire kuti sanaganize, kapena kuti mantha anamutseka maso. Nkhope ya atsibweni ake inamubwerera pomwepo, yonse, ndi mafuta akuda a pachipumi omwe. Anatsegula pakamwa. Panja panamveka nsapato za a Cosmas. Anatseka pakamwa.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi n'komwe. A Jeremiya anali ndi kabokosi kena ka magetsi m'galimoto. Anachotsa kakufa kaja n'kukakulunga msanga m'nyuzipepala, anaika katsopano, anamanga timabauti. Atadina, fani inazungulira, makina analira kamodzi, zilembo zinabwerera pagalasi ngati sizinachokepo. A Cosmas anaomba m'manja.

"Ndiye chinavuta n'chiyani?"

"Magetsi, bwana. Jenereta yanu inatumiza ochuluka. Muiyang'anitse."

Anamwa tiyi, anavala jekete, ananyamuka. Potuluka anatsinzinira Elube diso limodzi ngati munthu amene wasiya mphatso.

Nkhaniyi ikanathera pomwepo, mwini esiteti akanapanda kuimba foni madzulo ake. Anthu aakulu sakhutira ndi mawu oti jenereta. Amafuna dzina la munthu. Anati nkhaniyo ikambidwe, woyang'anira jenereta ayankhe, ndipo iwo amve zotsatira. Mwambo wa masiku amenewo unali woti pa esiteti pakakhala mlandu wa kuonongeka kwa katundu, a tcheyamani a nthambi ya chipani ankakhalapo. Athu anali a Lazaro, kapitawo wa ku zigafa, munthu woti paukwati ankavina nafe, koma akavala baji pachifuwa ankasanduka wina.

Anakhala m'mawa pansi pa mtengo wa kesha wa pakhomo pa ofesi: a Cosmas ndi a Lazaro pamipando, makapitawo pabenchi, a Esau ataima chipewa chili m'manja. Anthu odutsa anayamba kuchedwetsa miyendo. Elube anaitanidwa kuti anene zimene anaona.

"Ndinangomva phu, kenaka utsi," anatero, maso ali pansi.

"Bambo Esau, injini yanu imachita zimenezi?" anafunsa a Cosmas, ndi mawu a munthu wofuna kutseka nkhani msanga.

"Injini ndi yokalamba, bwana," anayankha a Esau. "Mpope wa madzi ukazima imathamangako pang'ono. Sindingakane."

Sanamuyang'ane Elube ngakhale kamodzi, ndipo iye panthawiyo anayesa kuti ndi mwayi.

"Basitu," anatero a Cosmas akudzuka. "Tigula chida choletsa magetsi kulumpha, ndipo a Esau azisamala. Tiyeni ku ntchito."

Koma a Lazaro sanadzuke. Anayang'ana anthu amene anaunjikana, ndipo pakati pawo panali achinyamata a chipani awiri atatu, oti nawonso akanakanena kwina kuti a tcheya anakhala pamlandu ngati mlendo. Anakonza baji yawo.

"Makina amenewa ndi chitukuko," anatero. "Chitukuko chikaonongeka timayamba taona kuti munthuyo mtima wake uli kuti. Bambo Esau, tatipatsani khadi lanu tione."

Pabwalo pankangomveka jenereta ikuguguda patali.

"A tcheya, nkhani yathu ndi ya magetsi," anatero a Cosmas.

"Ndangopempha khadi, bwana."

A Esau anatembenuza chipewa m'manja. Anthu a mpingo wawo bodza sanena, ndiye vuto lawo lina limenelo.

"Ndilibe, a tcheya. Inu mukudziwa."

"Ine sindidziwa kanthu," anatero a Lazaro, mawu atakwera. "Ndamva lero, ndipo ndamvera pagulu."

Aliyense anamva tanthauzo lake. Chinthu chonenedwa pagulu chinkayenera kukafika ku Boma, ndipo chikafika ku Boma kunkabwera lole ya achinyamata. Anthu anamwazikana mwakachetechete, aliyense akuyang'ana mapazi ake.

Apa ndi pamene lilime la Elube linamasuka, madzi atachita kale katondo. Anatsatira a Cosmas mu ofesi, anatseka chitseko, anagwada pasimenti n'kunena zonse: chiguduli, kapu ya madzi, windo, chifundo cha a Jeremiya. Ananena mothamanga ngati kuti kufulumira kwa tsopano kungabweze kuchedwa kwa dzulo.

"Ndine, bwana. Ndichotseni ine. Aitaneninso anthu aja ndinene pamaso pawo."

A Cosmas anakhala pampando, nkhope ili m'manja. Atadzutsa mutu sanakalipe, ndipo Elube akanakonda akanakalipa.

"Mukanandiuza Lachiwiri lija, mayi, ndikanakutukwanani mpaka madzulo, mwina n'kukubwezerani pa tayipi. Ngakhale dzulo lomweli. Koma lero ndiitane anthu ndiwauze chiyani? Kuti kompyuta inaphedwa ndi madzi? Iwo avomera, kenaka afunsanso kuti nanga khadi. Nkhani ya kompyuta inatha. Yatsalayi ilibe chokonzera."

"Ndiye nditani, bwana?"

"Dzukani, mukhale pampando wanu. Ndikakuchotsaninso inu, mayi anu adya chiyani, mlongo wawo atapita?" Anapita pawindo. "A Lazaro andiuza kuti njinga yawo yaphwa tayala, ku Boma sapita lero, apita mawa. Mwamva? Lole ya nkhuni inyamuka dzuwa likamalowa, ikupita chakumadzulo, kufupi ndi malire. Kauzeni atsibweni anu."

Elube anapeza uthengawo utafika kale. Pakhomo pa a Esau panali mitolo: mphasa, miphika m'dengu, nkhuku zomangidwa miyendo. Akazi awo, a Lusiya, ankalongedza zovala za ana, ndipo moni wa Elube anayankha ndi mutu wokha. Kumbali kwa nyumba kunali dimba la a Esau, tomato atangoyamba kupsa. A Esau ankamanga njinga yawo, ija anamukwezapo popita ku Boma.

"Wabwera bwino, gwira chingwe apa," anatero.

Elube anagwira. Mawu anali atawakonza njira yonse, mawu ochepa chabe, oti atsibweni, ndine ndinapha makina aja. Koma pamaso pa ana aja, pamaso pa a Lusiya ndi nkhuku zomangidwazo, mawuwo anakula, sanathe kudutsa pakhosi. Kwa bwana ananena, chifukwa bwana akanangomuchotsa ntchito. Kwa munthu uyu ankaopa china, choti amuyang'ane mosiyana ndi mmene ankamuyang'anira kuyambira ali wakhanda.

"Atsibweni," anayamba.

"Kokera kwako. Eya, choncho."

"Atsibweni, zimene zachitikazi..."

"Zikanachitikabe tsiku lina, mwana wanga. Phokoso la injini silikanandibisa mpaka kalekale." Anamanga mfundo n'kuiyesa ndi dzanja. "Tandibwereka kiyi wa ku ofesi, kuli kantchito ndinasiya. Iwe thandiza kunyamula izi upititse kumsewu."

Anawapatsa kiyi. Anayesa kuti akukatenga pulayala yawo, kapena kukatsanzika kwa bwana. Ananyamula dengu la miphika pamutu n'kutsatira a Lusiya kumsewu. Anthu a m'komboni ankasuzumira m'mipata ya mipanda. Kutsanzika poyera munthu wotero kunali kudziitanira lole yomweyo.

A Esau anafika lole itayamba kale kulira, manja awo ali onyowa. Anakweza ana pamwamba pa nkhuni, anakweza njinga, kenaka anaika kiyi m'dzanja la Elube n'kulifumbatitsa ndi manja awo onse awiri.

"Mayi ako ukawauze modekha, mtima wawo suli bwino. Tomato uja muzikathyola, asaonongeke. Ndipo ntchito ija uisamale."

Lole inanyamuka. Elube anaima m'fumbi lake mpaka linatsika, mawu aja ali pakhosi pomwepo. Anadzitonthoza ndi chinthu chimodzi chonyansa, ndipo ankadziwa kuti n'chonyansa: atsibweni apita osadziwa.

M'mawa mwake jenereta anailiza woyendetsa thalakitala, inachita kutsokomola kaye isanagwire. Lole ya achinyamata inabwera chakumasana, inapeza nyumba yopanda anthu, anaphwanya chitseko ndi kupondaponda dimba, n'kubwerera. Koma izo zinachitika Elube atatsegula kale ofesi.

Atangolowa anamva kamphepo kozizira pankhope. Tebulo la kompyuta linali litakankhidwira kukhoma lina, kutali ndi windo. Pawindo lakumbuyo, lija la kumphepo, panali misomali iwiri yatsopano, waya atamangidwa kuchokera uku kufika uko, wokoka bwino ngati wa munthu wodziwa kumanga. Pawayapo panapachikidwa chiguduli, chochapidwa bwino, chikadali chonyowa, nsonga yake itagwera m'beseni la madzi limene linaikidwa pansi kuti madontho asafike paliponse. Mphepo yotentha ya panja inkadutsa m'chiguduli n'kulowa mu ofesi itazizira, osakhudza makina.

Elube anayandikira. Pakona pa chiguduli panali chigamba chosokedwa ndi ulusi wabuluu wa nayiloni, ndipo chapakati panali kabowo kakuda, kopsa, kamene sopo analephera kuchotsa.

A Esau anachitola Lachiwiri lomwe lija. Anaona kabowo, anamva za utsi wa mu ofesi, anadziwa. Ankadziwa pamene ankamupatsa moni sabata yonse ija. Ankadziwa ataima pansi pa kesha, chipewa m'manja, akuti injini ndi yokalamba, maso awo akuzemba mwana wa mlongo wawo kuti anthu asawatsatire. Elube anakhala pansi pasimenti, pambali pa beseni, n'kulira kulira kumene anakubisa dzulo lonse.

A Cosmas atalowa anayang'ana windo, anayang'ana Elube. Anangoti ntchito ikudikira.

Tsiku limenelo kunatentha kuposa Lachiwiri lija, koma kompyuta sinaime. Fani inkazungulira mofatsa, zilembo zinkabwera monga wazidinira. Elube ankalakalaka itaima, itaphulikanso, kuti pakhale china cholakwika choti anthu achione. Inagwira bwinobwino. Dzuwa litafika pamutu madzi a m'beseni anatha, chiguduli chinayamba kuuma, chipinda chinayamba kufunda. Elube anachitsitsa pawaya, anachipinda chigamba chili m'kati, ananyamula beseni n'kutuluka. Mpopi wapafupi unali womwe uja, wa pambali pa jenereta, moyang'anana ndi chitseko chophwanyidwa cha atsibweni ake, ndipo mvula inali idakali kutali.